Mafupa Ofumbwa a Amayi

Ine wakuba sanandipulumukepo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndili m'ntchito ya malole, kuyambira pomwe ndinkagona pansi pa lole ya eni ake kufikira lero pomwe ndili ndi anga asanu ndi anayi, onse olembedwa dzina langa pachitseko. Ndadutsa malire a mayiko asanu ndi awiri, ndadya ndi anthu a zinenero zimene inu simunazimvepo. Dalaivala wopopa dizilo ndimamudziwa ndi mmene akutsikira pagalimoto. Kalaliki wina wa padoko anayesapo kundibisira matayala anayi, lero akandiona amavula chipewa ndili patali. Ngakhale wakuba amene analowa m'nyumba ya amayi anga ndinamugwira, ndipo zinanditengera milungu itatu yokha.

Ndinayamba ndi kuloza chala achemwali anga.

Amayi anali atagona m'chipatala tsiku lachiwiri, fupa la m'chiuno litathyoka. Sanagundidwe ndi njinga, sanagwe pamakwerero. Anangopunthwa pakhomo la bafa, n'kukhala pansi, osadzukanso. Namwino atawafunsa ngati mankhwala awo olimbitsa mafupa ankamwa bwinobwino, amayi anatembenukira kukhoma. Kutembenukako ndinakumva kuposa mawu. Ndinaliza galimoto mpaka kunyumba, ndipo ndinapeza pabalaza padzaza abale ndi anansi odzafunsa za odwala, achemwali akuwathirira tiyi.

"Mapiritsi ali kuti?" ndinafunsa ndisanapereke ndi moni womwe.

Achemwali anaika ketulo pansi, analowa kuchipinda, n'kubwera ndi jumbo yodzaza mapaketi opanda kanthu. Anati Lamulungu lililonse m'mawa ankatulutsa piritsi limodzi n'kuwapatsa amayi m'manja, pamodzi ndi kapu ya mkaka, kenako n'kuwagoneka kuti apume, monga momwe ine ndinalamulira.

Ndinaseka. Paketi yopanda kanthu ndi umboni wa chiyani? Ine ndaonapo madiramu otsekedwa bwino, achidindo ndi siginecha, mkati muli madzi a pachitsime. Ndipo aliyense pabalazapo ankadziwa kuti kumsika, pafupi ndi khonde limene achemwali amasokerapo zovala, pali bambo wina wogulitsa mapiritsi a mtundu uliwonse patebulo, padzuwa, atawathira m'mabotolo.

"Mankhwala amenewo ndinagula ndekha, a chaka chathunthu, m'sitolo ya magalasi kumene inu simunapondeko," ndinatero. "Munthu womwa mankhwala otero amathyoka ngati khuni louma? Munkagulitsa bwanji, limodzilimodzi kapena paketi?"

"Ukunena ndi ine?"

"Ndikunena ndi amene amasunga kiyi wa kabati."

"Kiyi ndimasunga ine, inde. Ndowa ya kuchipinda ndimataya ine. Zikhadabo za kumapazi ndimawenga ine. Iwe umabwera kawiri pachaka, hutala patsogolo. Ndipo tsiku loyamba lija ndinakuuza kuti pepala la m'bokosimo likunena zina. Unandiyankha chiyani?"

"Ndinati ine ndaonana ndi adokotala maso ndi maso, sindifunsira nzeru kwa pepala. Ndipo denga limene likukufunditsa iwe linagulidwa ndi hutala yomweyo."

Ndinawatcha iwe. Achemwali ondiposa zaka zisanu ndi chimodzi, amene anandibereka kumsana ndili khanda. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anatsokomola, ine n'kuganiza kuti andidzudzula. Koma iwo anati mwana wathuyu wavutikira mayi wake, ali ndi ufulu wofunsa, ndiponso mkazi wopanda mwamuna zosowa zimamuchulukira, sitingamuweruze kwambiri. Mayi wina wa nyumba yoyandikana nayo anagwedeza mutu, kapu ya tiyi wa achemwali ili m'manja. Panalibe ndi mmodzi yemwe anati dikirani kaye.

Achemwali sanalire. Anaponya kiyi patebulo, anamanga zovala zawo m'nsalu, anasenza mutu wa makina awo osokera, n'kutuluka pakati pa anthuwo. Palibe anasuntha mwendo kuti adutse bwino.

Ndiyenera kunena zimene ine ndinawachitira amayi, chifukwa si zazing'ono. Chaka chapitacho anathyoka dzanja ponyamula ndowa ya madzi, ndowa wamba. Anthu anati ndi ukalamba, amange basi. Ine ndinati ayi, mayi wa munthu wa malole asanu ndi anayi samangidwa basi. Ndinawanyamula mpaka kuchipatala chachikulu, anawagoneka pamakina oyeza mafupa, ndipo adokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anandionetsa chithunzi. Anati mafupa a amayi afumbwa: kunja akuoneka athunthu, mkati ndi timabowo tokhatokha ngati thabwa lodyedwa ndi tizilombo. Anati zimachitikira amayi ambiri akasiya kupita kumwezi, ndipo sizipweteka, munthu amangodziwira tsiku lothyoka. Mankhwala alipo, piritsi limodzi pamlungu. Ndinagula a chaka chonse tsiku lomwelo. Ndinagula zitini za mkaka wa ufa zodzaza kumbuyo kwa galimoto, popeza ndani sadziwa kuti mkaka ndi wa mafupa? Ndinagula matiresi okhuthala ngati a m'hotela ina imene ndinagonamo kutsidya la nyanja yamchere. Ndipo ndinasiya lamulo, monga ndimasiyira madalaivala anga: piritsi, kapu yaikulu ya mkaka, kenako agone apume, asagwire kanthu. Ndani wina m'dera lonse lino anachitapo zotere kwa kholo lake?

Mlungu woyamba amayi anawachita opaleshoni, anawaika chitsulo m'chiuno. Ndinalemba ntchito mayi wina woti azigona nawo m'chipatala. Anatha masiku anayi, anati agogowa sadya chakudya cha m'manja mwa mlendo. Ndinalemba wina. Amayi atatsitsimuka anafunsa kuti mwana wawo wamkazi ali kuti. Ndinawauza zonse monyadira, kuti wakuba ndamupeza ndipo ndamutulutsa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kutseka maso. Ndinaganiza kuti ndi ululu wa bala.

Nkhani kumsika inafika ine ndisanabwerere n'komwe kuchipatala. Pofika mlungu wachiwiri anthu anali atapita kukatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Aphunzitsi aakulu a sukulu ina, amene chaka ndi chaka ankasoketsa mayunifolomu kwa achemwali, anatumiza uthenga woti apeza telala wina. Azimayi ogulitsa masamba anawapatsa dzina, Namapiritsi, ndipo achemwali akamadutsa ankafunsana mokweza ngati wina ali ndi mutu kapena msana. Zonsezi anandiuza ndi amalume, akuseka. Inenso ndinaseka nawo. Ndikulemba izi chifukwa ndinaseka.

Mlungu wachitatu a zolimbitsa thupi a kuchipatala anati amayi akatuluka adzafunika bedi lokwera ndi pogona polimba, kuti azidzuka mosavuta. Matiresi anga a kuhotela anali ofewa kwambiri. Zinandiwawa, koma ndinavula jekete, ndinalowa m'chipinda cha amayi ndekha kuti ndiwatulutse. Chipindacho chinali chikununkhabe mafuta odzola a amayi. Pazenera panali kapu, chipeso, ndi kalendala ya kampani yanga, Lamulungu lililonse litachongedwa ndi pensulo, dzanja la achemwali. Nditanyamula matiresiwo, pakona ya kumutu, kumbali ya khoma, china chake chinalira ngati timiyala.

Msoko wa pakonapo unali wosokedwa ndi ulusi wakuda, mokhotakhota, singano ikulowa apa n'kutulukira uko. Telala sasoka chonchi ngakhale ataledzera. Ndinadula ndi mpeni. Munali sokosi yakale ya malemu bambo, yomangidwa kukamwa. Ndinakhuthulira pansi, n'kuwerenga kawiri monga ndimawerengera katundu. Mapiritsi oyera makumi anayi ndi limodzi.

Ndinafika kuchipatala nthawi ya chakudya cha masana. Ndinakoka katani, ndinakhuthula sokosiyo pabulangeti la amayi. Sanadzidzimuke. Anawayang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mlendo amene ankadziwa kuti abwera.

"Ankandiotcha," anatero. "Ndikameza n'kugona monga unanenera iwe, moto unkayaka kuyambira pakhosi mpaka pachifuwa. Tsiku lonse. Kachisanu ndi chimodzi ndinalephera kumeza ngakhale madzi. Ndiye ndinkalibisa m'chikhatho, n'kumwa mkaka wokhawo. Mkaka wako unali wabwino."

Ndinawafunsa chifukwa chake sananene. Anandifunsa kuti akananena kwa ndani. Akanauza mlongo wanga, iye akanandiimbira foni, ine ndikanamukalipira kuti sadziwa kusamala munthu. Akanauza ine, ndikanayamba kufotokoza za sitolo ya magalasi ndi mtunda umene ndinayenda. Anati ine ndikamalankhula, munthu amangodikira kuti ndimalize, ndipo ndikamaliza ndimakhala ndili kale m'galimoto.

"Chabwino, amayi. Koma ndinakuuzani pabedi pomwe pano kuti ndawathamangitsa achemwali, ndawatcha wakuba pamaso pa anthu. Inu munkadziwa. Munatseka maso."

"Ndinatseka."

"Chifukwa chiyani?"

Anayamba kutola mapiritsiwo limodzilimodzi, kuwabwezera m'sokosi ndi dzanja lawo lopindika lija.

"Mlongo wako akakwiya amapita, mawa amabwera ndi madzi otentha. Iwe ukakwiya, ndani adzalipira chipatala chino? Ndani adzakonza denga? Ndine nkhalamba, bambo, ndili chigonere. Ndinayang'ana ana anga awiri, ndinasankha kulakwira amene sangandithawe."

Ine ndatukwanidwapo ndi asilikali a pamalire m'zinenero zinayi, ndipo ndinawayankha onse. Apa ndinangowathandiza kutola mapiritsi otsala pabulangeti.

Adokotala a magalasi aja anatipeza tili choncho, akuyendera odwala. Anandikumbukira, chifukwa chaka chatha ndinawapatsa khadi langa ndi kuwalonjeza kuti akadzasamuka nyumba katundu wawo ndidzanyamula ulere. Anaona sokosi, anafunsa kuti mankhwalawa ankamwedwa motani. Ndinawafotokozera lamulo langa lonse, mawu akunditherera pang'onopang'ono. Anavula magalasi. Anati piritsi limeneli limamwedwa m'mawa munthu asanadye kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi okhaokha. Mkaka kapena tiyi zimaligwira, silimalowa m'thupi, limangodutsa. Ndipo munthu akameza ayenera kukhala tsonga kapena kuimirira kwa theka la ola, asanadye, asanagone, chifukwa akagona mankhwalawo amabwerera kummero n'kuotcha. Mkaka ndi wabwino ndithu, koma nthawi ina, osati pamodzi.

"Zonsezi ndinazinena m'chipinda changa," anatero. "Foni yanu inalira, munatuluka. Mutabwerera ndinafunsa ngati ndibwereze, munati mwamva. Zalembedwanso papepala la m'bokosi."

Ndinakumbukira. Lole yanga inali itagwidwa pamalire ndi matailosi a munthu. Amayi samva bwino khutu la kumanzere, ndipo pamaso pa dokotala amangovomera. Achemwali ndinali nditawasiya kunyumba, ndinati galimoto yadzaza.

Ndinafunsa ngati amayi akanamwa bwino sakanathyoka. Adokotala anati sangalumbire, mankhwala amachepetsa ngozi, saichotseratu. Koma chaka chathunthu chatayika, ndipo mafupa a munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri sadikira. Anati popeza kummero kunavulala, mapiritsiwa awasiye. Alipo ena olowetsa padiripi kamodzi pachaka, akadzayeza kaye impso ndi kuona mano. Anandifunsa ngati ndamva kapena abwereze. Ndinati abwereze. Ndinazima foni, ndinalemba zonse kumbuyo kwa khadi langa.

Wakuba ndinamugwira pomwepo, pakhonde la chipatala, atavala nsapato zanga.

M'mawa mwake ndinapita kumsika. Achemwali ndinawapeza pakhonde la sitolo ya zitsulo, kuseri kwake kuli kachipinda komwe ankachita lendi. Pachingwe pomwe kale pankalendewera madiresi ndi mayunifolomu panali thalauza limodzi lofuna chigamba. Ndinaima patsogolo pa makina, ndinaika sokosi patebulo, ndinafotokoza. Anamvetsera mwendo uli pachopondera. Nditafika pa mawu a amayi aja, mwendowo unaima kanthawi, kenako unapitiriza.

Ine ndine munthu wosachedwa. Ndinati ndiwagulira makina a magetsi, atatu ngati akufuna, ndi sitolo yawoyawo ya chitseko cha galasi pamsewu waukulu, dzina lawo pamwamba. Ndinati mayunifolomu a madalaivala anga onse azisoka iwo. Abwerere kunyumba, amayi akutuluka Lachisanu.

"Dzina liti ulembe pamwambapo?" anafunsa. "Langa unalitenga pabalaza. Ulibe choti ugule, bwana. Kalibweze kumene unalisiya."

Ndinati ndiitanitsa abale onse, ndilankhula pamaso pawo, ndigula ndi zakumwa. Anakana. Anati ine ndikaimirira pagulu anthu amaomba m'manja ndisanayambe, ndipo tsikulo lidzakhala langanso. Anafuna ndipite khomo ndi khomo, wapansi, galimoto ndiisiye, ndikanene mawu atatu okha: achemwali sanabe kanthu, wolakwa ndine, ndipo ndinawanamizira. Kenako anayamba kutchula anthu amene anali pabalaza tsiku lija, mmodzimmodzi, ndi pomwe aliyense anakhala, ndi amene anathira shuga kawiri. Ine ndinali nditaiwala theka. Iwo sanaiwale ndi mmodzi yemwe. Ndinalemba mndandanda pa lisiti ya dizilo.

Ndinayenda masiku anayi. Nsapato zimene ndinagula pabwalo la ndege zinanditulutsa matuza tsiku loyamba. Ndipo ndikuuzeni, palibe ntchito yovuta ngati kupepesa uli ndi malole asanu ndi anayi, chifukwa anthu salola. Ndikangoyamba, ankathamangira mpando wabwino, kupukuta ndi nsalu, kunena kuti bwana musadzichepetse chonchi, aliyense amalakwitsa. Mayi wa nyumba yoyandikana uja anati ndine mwana wosowa, ena sakanavomera n'komwe, ndipo akauza anzake onse za mtima wanga wabwino. Ndinati asauze za mtima wanga, auze za achemwali. Anati inde, inde, zimenezonso. Msuweni wanga wina atamva zonse anafunsa ngati kukampani kuli malo a mlonda. Bambo wina wopuma pantchito ya positi anawerengera pa zala zake, anati miyezi khumi ndi umodzi ili ndi milungu yoposa makumi anayi ndi umodzi, nanga otsalawo anapita kuti? Ndinati amayi anamwa, ndi amene anawaotcha. Anati mwina, akumwetulira.

Amalume ndinawasiya komalizira. Anandimvetsera akusenda nzimbe. Anati ndawachititsa manyazi, mwamuna wamkulu kuzungulira m'makomo ngati wopempha mchere; zoterezi umangogulira mlongo wako nsalu, nkhani yatha. Ndinawakumbutsa mawu awo a mkazi wopanda mwamuna, ndinawapempha kuti tipitire limodzi kumsika. Anati bondo likuwavuta. Bondo limenelo linawafikitsa pabalaza pa amayi tsiku lija popanda ndodo.

Pa anthu onse amene ndinawayendera, palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukaima patsogolo pa makina a achemwali.

Amayi anatuluka Lachisanu. Ndinawanyamula ndekha kuchoka m'galimoto mpaka pabedi latsopano, opepuka ngati mtolo wa zovala. Anayang'ana kukhomo la kukhitchini, anayang'ananso, koma za achemwali sanafunse. Loweruka m'mawa ndinawayendetsa ndi chitsulo chawo choyendera masitepe asanu ndi atatu, kupita ndi kubwerera, kenako ndinapita kumsika ndi lisiti yanga, dzina lililonse litakhwatchidwa.

Achemwali anaiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anafunsa za amayi, ngati akudya, ngati bala lauma, ngati ndikuwatembenuza. Anati Lamulungu adzabwera kudzawaona, adzakhala pampando wa alendo, ndipo dzuwa lisanalowe adzabwerera. Kugona m'nyumba imene ija ayi. Ndinayamba kunena kuti amayi akalamba, anachita mantha, koma anakweza dzanja.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndawasambitsa. Ankadziwa kuti sindingawathawe. Tsopano adziwe china."

Tili choncho panafika mayi wina wachilendo, mwana kumsana, diresi lobiriwira m'manja. Sanali wa kumsika kuno, zinkaonekeratu. Anapereka moni mwaulemu wonse, n'kufunsa ngati kwa a Namapiritsi ndi pano, wamuuza ndi mnzake kuti amasoka bwino ndipo masiku ano sakhala ndi mzere. Sankadziwa n'komwe kuti dzinalo ndi chitonzo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukonze.

"Ndi pano, mayi," anatero achemwali. "Khalani apo, ndikuyezani."

Anatenga tepi pakhosi, anapinda lisiti ija n'kundibwezera.

"Unati ndi angati?"

"Makomo khumi ndi anayi, achemwali. Onse."

"Wabweza. Pita, amayi ali okha."